Giya ya Matope ndi Giya ya Tala

Galimoto ija inabwera pakhomo pathu itakwezedwa pa lole ya nsomba, ine ndili ndi mwana wachitatu kumsana. Amuna anga nthawi imeneyo anali makaniko pagalaja ina ku Zomba, ndipo mzungu wina wa ku esiteti, pobwerera kwawo, anawasiyira chiphapha chimenechi. Inali ya mipando iwiri basi, yopanda denga, yafupi ngati bwato. Ndinaizungulira kamodzi n'kufunsa kuti thumba la mpunga lizikhala pati. Anaseka nati iyi si ya mpunga, ndi yothamanga. Kuno kwathu, kuyambira ku sikimu ya Likangala mpaka ku Kachulu, chimene chimathamanga ndi nkhani za eni zokha.

Amuna anga kwawo ndi ku Ntcheu. Kuno anabwera chikamwini: nyumba anamanga pamalo a mayi anga, munda ndi wathu, ana ndi a mbumba yathu. Sanadandaulepo poyera. Koma akamapukuta chiphapha chija ankakonda kunena kuti, “Ikadzatha iyi ndidzauyamba wa kwathu, achemwali akandione ndikutsika.” Achemwali awowo ndi amene anawalera mayi awo atamwalira. Mawu amenewa sankandisangalatsa. Ndinaonapo akamwini angapo atakalamba akutsanzika kuti akukaona abale, kenako chobwerera n'kukhala uthenga wa maliro. Choncho galimotoyo ndinkaiona ngati mkazi mnzanga, ndipo mumtima ndinkafuna isadzathe.

Zaka zambiri sinathedi. Nkhuku zinaikiramo mazira, ana anakula n'kubalalika, nyanja inaphwa n'kubwereranso, iyo ili phee pansi pa chisakasa. Koma atapuma pantchito anaigwira ndi manja awiri. Injini inadzuka, inatsokomola utsi, agalu a mudzi wonse anathawa. Anaipenta yobiriwira. Mipando anakasoketsa kwa telala wina ku Songani. Chinatsala ndi difu.

Difu ndi chimphika chachitsulo chija chimakhala pakati pa matayala akumbuyo. M'kati mwake muli giya yaikulu ngati mbale, ndi kena kakang'ono koizunguza. Ya galimoto yathu mano anali atagweluka kalekale. Anasakasaka mpaka anapeza, ndipo tsoka lake anapeza mitundu iwiri. Ina anagula ku Limbe kwa ogulitsa zitsulo zakale, yochotsedwa m'kagalimoto konyamula katundu. Ina anawapatsa bambo wina wa ku Blantyre wokonda magalimoto akale. Anaziyala zonse pamphasa pakhonde n'kundiitana.

“Mayi, tawerengani mano a timagiya tating'onoti. Maso angawa ayamba kundinamiza.”

Ndinawerenga ndi chala. Kena kanali ndi mano eyiti, kena leveni.

“Nkhani yonse ili pomwepo,” anatero. “Ka eyitika kazungulire pafupifupi kasanu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mphamvu zambiri, liwiro pang'ono. Zili ngati njinga za onyamula nsomba zija, munthu amapalasa kwambiri koma pamchenga satsika. Ka levenika kanayi sikakwana n'komwe, tayala lazungulira kale. Pa tala injini imangopuma, galimoto ikudya mtunda. Koma ikaima pamatope, kunyamuka kwake n'kolira.”

“Ndiye chovuta n'chiyani, bambo? Msewu wathuwu simuudziwa?”

Ankaudziwa. Kuchoka pano kukafika pa tala, chilimwe ndi fumbi ndi mchenga, dzinja ndi makande amene ngakhale malole amagonamo. Koma kuchoka ku Zomba kudzera ku Liwonde mpaka ku Ntcheu ndi tala yekhayekha. Iwo anangopukuta ka leveni kaja ndi nsanza. Ine si makaniko, koma pamenepo ndinamva bwinobwino. Giya ya matope inali yokhala kuno ndi ine, giya ya tala inali yopita kwawo.

Apa m'pamene kutopa kwanga kunayambira. Anaika ya matope, anaiyendetsa kuzungulira bwalo, nati ikulira kwambiri, ichoke. Anaika ya tala, anafika nayo pamchenga wa kumjigo, inatitimira, anthu anakankha, nati ichoke. Ndipo kusintha giya ya difu si kusintha malaya. Galimoto ikwezedwe pa jeke, pansi aikepo zitsa, mafuta akhe, matayala achoke, kenako chitsulo cholemera chija chituluke, munthu atagona chagada. Ana kulibe, ndiye wogwira mbali inayo ndinali ine, nditachoka koingitsa mbalame kumpunga, msana uli phwanyu.

Panalinso ntchito ya bulu. Ankatenga bulu wanga wochapira zovala, kusakaniza ndi girisi pang'ono, kupaka pamano a giya, n'kuzunguza. Pamene mano akhudzana, bulu amafufutika. Pofufutikapo pamayenera kukhala pakati pa dzino, osati kunsonga kapena kutsinde, apo ayi difu idzalira mpaka kudzidya. Iwo sankaona bwino, ndiye woyang'ana ndinali ine.

“Pali pati, mayi?”

“Kunsonga.”

“Timasule.”

Kumasula, kuika kachitsulo kopyapyala ngati pepala, kumanga, kupakanso bulu, kuzunguza. Tsiku limatha choncho. Zikhadabo zanga zinakhala zabulu mpaka azimayi anzanga kutchalitchi anayamba kundifunsa ngati ndatsegula bizinesi yonyika nsalu. Chilimwe chinadutsa, dzinja linadza, chilimwe china chinabwera, ife tikadali pansi pa galimoto. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anavomera kuti n'zoona, mawa lake n'kundiitananso.

Tsiku lina, titangomaliza kuika ya tala, mtima unandikwera.

“Bambo, ngati mukupita nenani. Ndisamathyoke msana kunyamula zitsulo zondithawitsira mwamuna.”

“Ndani wanena zothawa?”

“Nanga liwirolo mukalifuna kuti? Ku Kachulu?”

Anapukuta m'manja. Kenako anati, “Kwanu n'kwanu, mayi, mthengo mudalaka njoka. Inu simungamve, simunachokepo pakhomo pa mayi anu.”

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Masiku angapo ndinkangowaikira chakudya n'kuchokapo.

Giya ya tala ikadali momwemo, foni inalira: achemwali awo amwalira. Galimoto inali isanapimidwe, mapepala ilibe, ndiye tinapita pa minibasi ngati wina aliyense. Kumaliroko anatilandira mwaulemu, ulemu wa alendo. Pamene kale panali nyumba ya mayi awo, tsopano panali munda wa kachewere. Achinyamata ankanong'onezana kufunsana kuti nkhalamba yakhala kutsogoloyo ndi ndani. Titachoka kumanda, mwana wamkulu wa malemuwo anabwera n'kugwada pafupi.

“Amalume, mwachita bwino kubwera. Nanga mubwerera mawa kapena mkuja? Kuti tidziwe za pogona.”

Sanalakwitse mwanayo, anafunsa za nzeru. Amuna anga anati mawa. Ulendo wonse wobwerera anangoyang'ana pawindo, tala uja akudutsa pansi pathu, Balaka, Liwonde, Songani.

Patapita masiku anandiitana kuchisakasa. “Mayi, bwerani ndi bulu uja.” Pamphasa panali giya ya matope. Ulendo uno potulutsa difu mkono wawo unanjenjemera, kulemera konse kunabwera kwa ine, ndipo tikanaphwanyika tonse. Anagona pansipo nthawi yaitali akupuma. Kenako tinamanga. Bulu atafufutika pakati pa dzino anati basi, yatha.

Mvula itayamba tinapita nayo ku Kachulu, ine ndili pambali pawo, nditafunda chitenje kumutu. Kanali koyamba kukhala pampando umenewo. Mimba ya galimoto inkakhula pansi, matope akutigwera kumaso, koma siinaime. Kudoko anthu anasiya nsomba pathandala kudzationa. Mayi wina woyanika matemba anafuula kuti agogo akwatirananso, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Tsiku limenelo ndinakondwa, sindinama. Ndinkati ndapambana.

Mapepala atatheka anati tikayese pa tala, tikafike ku Songani. Titangokwera pa tala anaponda mafuta. Anasintha giya, anasinthanso, anafika yomaliza, dzanja lawo n'kufunafunabe ina imene kunalibe. Injini inkakuwa ngati chigayo, galimoto yonse ikunjenjemera, koma liwiro lake la chabechabe. Minibasi yodzaza anthu ndi madengu inatipitirira, kondakitala akutibayibitsa. Ndinayang'ana amuna anga. Anachotsa phazi pang'onopang'ono, injini inatsika mawu, tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Ku Songani sanazimitse n'komwe, anangokhota.

Titafika pakhomo anailowetsa m'chisakasa n'kukhala momwemo, manja ali pachiwongolero. Ndinatsika, ndinayenda pang'ono, ndinabwerera. Chisoni chinandigwira, cha munthu amene wasamala chinthu moyo wake wonse kuti chidzathamange.

“Bambo, bwezeranimoni ya tala ija. Ndigwira mbali inayo, sindidandaula. Kamodzi kokha muithamangitse, ngakhale mpaka ku Liwonde.”

Anapukusa mutu. “Mikono yatha, mayi. Mwaona nokha tsiku lija. Komanso ndikathamangire kwa yani?”

Anatsika movutikira, akugwira chitseko, n'kuima pafupi nane akuyang'ana kumitengo ya kumanda kwathu, kuseri kwa dimba.

“Achimwene anu, eni mbumba, akabwera,” anatero, “muwafunse ngati kumeneko kungapezeke malo a mkamwini.”

Mawu amenewa ndinawadikira zaka zonse za ukwati wathu. Koma atawalankhula sindinamve kukoma kulikonse. Ndinakhala pansi pachitsa, n'kuwauza kuti ndiwafunsa achimwenewo.