Kabokosi ka M'chipinda cha Pakati

Inu amene mukuti moyo wakukankhirani kuchipinda chomalizira, khalani pansi mumve za mayi wina amene pamsewu wathu amangomutcha Aphunzitsi.

Tsiku lomwe anafika pansi penipeni kunkawaza mvula. Anaima panja, kunsi kwa windo la pabalaza pa achimwene ake, laputopu ili padzanja, ambulera yothyoka ataipanira paphewa. Pa laputopupo panali nkhope ya mtsikana wakutali amene ankamuphunzitsa masamu kudzera pa vidiyo. Nkhopeyo inali itauma, kukamwa kuli yasa, pakati pa funso. Mawu atabwerera, sanali a mtsikanayo. Anali a mayi ake.

"Aphunzitsi, sitikukana, mumaphunzitsa bwino. Koma mayeso ayandikira, ndipo mwanayu akuphunzira kudikira, osati masamu. Zikadukanso sabata yamawa, tipeza wina."

Ameneyo anali wophunzira womaliza. Ena onse anali atachoka kale, mmodzimmodzi, mwaulemu wake.

Aphunzitsi sanayambire pamvula. Anali ndi kalasi yake pasukulu yolipira, anali ndi mwamuna wa galimoto. Sukuluyo inatsekedwa. Mwamunayo anapirira ulova wa mkazi wake kwa kanthawi, kenako anapeza wina wosamulemetsa. Aphunzitsi anabwerera kunyumba ya malemu bambo ake ndi masutikesi awiri ndi laputopu, atatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene akanadyera: kuphunzitsa.

Nyumba imeneyo ndinkaidziwa ndisanachoke kuno kalekale. Mwini wake anali mmisiri womanga, ndipo anaimanga yaitali, ya makoma ochindikala ngati akuopa nkhondo. Koma zitseko sizinkatsekedwa. Munthu ukaitana pabalaza, amakuyankha ali kuseri. Nditabwerako ndinapeza makoma omwewo, khonde lamkati lomwelo, koma chitseko chilichonse chili ndi loko wake. Anthu obadwa mimba imodzi akudutsana ngati apaulendo okumana pa depoti. Amati ndi chitukuko.

Kutsogolo kunkakhala achimwene aakulu ndi banja lawo. Pakati pankakhala mlamu wamasiye, mkazi wa mchimwene wamng'ono amene anamwalira, telala wosoka madiresi. Aphunzitsi anapatsidwa chipinda chakumapeto, mmene bambo awo ankasungiramo simenti. Fungo lake silinachokemo.

Intaneti m'nyumbamo inalimo. Chingwe chinkalowera kutsogolo, ndipo rauta, kamakina komwaza wayifayi kaja, achimwene ankaitsekera m'kabati yachitsulo pamodzi ndi mbale za alendo. Kwa iwo chinthu chabwino sichikhala poyera.

Sanali munthu wankhanza ayi. "Pasiwedi ndakupatsa, mlongo," ankatero. "Ukufunanso chiyani? Ndikunyamulire intanetiyo m'ndowa?"

Koma wayifayi yotuluka m'kabati yachitsulo n'kudutsa makoma a mmisiri uja inkafika kumapeto itafa kale. Intaneti ya pafoni nayo m'chipindamo inkangobwera kudzasuzumira. Aphunzitsi anayesa zonse. Anakwera pampando pafupi ndi kawindo. Anaphunzitsira m'khonde, ana a achimwene akuthamangitsana kumbuyo kwake. Anapempha pabalaza, koma pabalaza panali pa wailesi ya kanema, ndipo wailesi ya kanema sisuntha chifukwa cha mlongo wobwerera ku ukwati. Kotsala kunali kunsi kwa windo, panja.

Madzulo a tsiku la mvula lija anakhala pa matilesi, zovala zili chinyowere, n'kuyang'ana mphete yaukwati imene inali ikadali pachala. Anaivula. M'mawa mwake anakaigulitsa, n'kupita kusitolo ya zamagetsi.

Anali atawerenga za wayifayi ya meshi: timabokosi tingapo tomwe timagwirizana kuti intaneti ifike m'nyumba monse. Wogulitsa anatulutsa titatu, toyera, tating'ono ngati kapu ya tiyi.

"Mayi, mvetsetsani," anatero. "Koyamba mukalumikize ku rauta. Komaliza kakhale kuchipinda kwanu. Koma ufumu uli pa kachiwirika. Kaikeni pakati penipeni, pomwe kakumva koyamba, kuti kazipatsira komaliza. Timeneti sitikoka, timapatsirana. Kanyali kakabiriwira, zatheka. Kakafiira, ndiye kuti kakulankhula kokha."

Aphunzitsi anamva. Sanali munthu wosamva.

Nkhondo yoyamba inali ya kabati. Achimwene anayang'ana timabokosito ngati akuona alendo ofika nthawi ya chakudya.

"Rautayo ndiitulutse? Nanga fumbi?"

"Fumbi ndizipukuta ine, achimwene."

"Ana akaigwetsa?"

"Tiika pamwamba pa kabati pomwepo. Ana anu ndi aafupi, anatengera inu."

Achimwene anaseka mosafuna, n'kupisa m'thumba kufuna kiyi. Rauta inatuluka m'ndende, kabokosi koyamba kanakhala pambali pake, kanyali kanabiriwira.

Tsopano mverani chimene anachita mayi wophunzira uja. Anatenga timabokosi tiwiri totsala, anadutsa chitseko cha pakati osachiyang'ana, n'kukatiika tonse m'chipinda chake, kena pawindo, kena pa sutikesi. Anadziuza kuti tiwiri tikoka mwamphamvu kuposa kamodzi. Munthu wa masamu ameneyu!

Tinyali tonse tiwiri tinafiira.

Anasuntha, anazimitsa, anayatsanso. Kufiira. Anafuna soketi m'khonde, koma bambo ake sanaikemo soketi m'khonde, poti m'masiku awo m'khonde munali modutsa chabe. Anayesa chingwe chowonjezera kuchokera kuchipinda kwake, chinathera panjira, khoma lochindikala likadali patsogolo. Pakati pa nyumba yonseyo soketi inali imodzi yokha, ndipo inali kuseri kwa chitseko cha mlamu wamasiye.

Chitseko chimenecho chinali ndi mbiri. Mchimwene wamng'ono atamwalira, Aphunzitsi anabwera pa galimoto ya mwamuna wake, atavala magalasi akuda. Abale atakhala pansi kukambirana za nyumba, iye ndi amene anati, "Mwamuna wapita, akudikiranso chiyani muno? Apite kwawo, chipindacho tiikemo walendi." Mlamuyo anali pomwepo, maso ali otupa. Sanachoke. Anangokhomera lata pachitseko chake n'kugula loko wamkulu. Kuyambira pamenepo awiriwa sanapatsanenso moni, ngakhale Aphunzitsi atabwera ndi masutikesi ake kudzakhala khoma limodzi ndi iye.

Masiku ankapita, tsiku la phunziro likuyandikira. Aphunzitsi ankagona akuyang'anizana ndi timaso tiwiri tofiira. Kuseri kwa khoma makina osokera ankalira, kuleka, kuliranso.

Kenako anazula kabokosi kamodzi, n'kukagogoda.

Mlamu anatsegula pang'ono, mapini ali pakamwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Anachotsa mapiniwo limodzilimodzi, osafulumira.

"Alamu," anatero Aphunzitsi, "ndabwera kudzapempha soketi."

"Soketi? Ine ndimayesa mwabwera ndi walendi uja."

"Ndinalankhula zoipa tsiku lija."

"Ayi, munalankhula bwino zedi. Munthu wophunzira. Mawu aliwonse anamveka."

Aphunzitsi anafotokoza za kabokosi, za mtsikana, za mayeso. Mlamu anamvetsera mpaka kumapeto, poti matelala amadziwa kumvetsera.

"Soketi yanga ili ndi mabowo awiri," anatero. "Lina ndi la makina, lina ndi la simbi yositira. La achibale palibe."

Chitseko chinatsekeka.

M'nkhani zina apa ndi pomwe pamagwa chozizwitsa. Apa panagwa mvula basi. Aphunzitsi anabwerera kuchipinda kwake, analira, kenako anapukuta laputopu n'kukonza phunziro ngati munthu amene ali ndi kalasi yodzaza. M'mawa mwake anakumana ndi mlamu pampopi.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Zii.

Tsiku lotsatira anaperekanso moni. Zii. Sanatchulenso za soketi. Anangozindikira kuti moniwo anayenera kuupereka kalekale, kabokosi kasanabwere, ndipo anaupereka tsiku lililonse ngati munthu wobweza chinthu chimene anasunga nthawi yaitali.

Tsiku la phunziro linafika kuli mitambo yakuda. Aphunzitsi anatenga laputopu ndi ambulera yothyoka ija, kuti akayesere komaliza kunsi kwa windo. Akudutsa m'khonde, chitseko cha pakati chinatseguka.

"Mukupitanso kukanyowa?"

"Kulibe kwina, alamu."

Mlamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akumuyeza diresi.

"Ndinkakuonani pamvula paja," anatero. "Ulendo woyamba ndinasangalala, sindinama. Ndinati aone mmene kumazizirira kunja kumene ankanditumiza. Koma tsiku lomwe mayi aja ankakukalipirani, ndinasoka mkono wa diresi chagada. Ine sindisoka chagada. Bweretsani kanthu kanuko."

Aphunzitsi anathamanga. Atabwera, anapeza mlamu atazula kale simbi.

"Musandithokoze. Sindinakukhululukireni. Ndangopatsa malo kabokosi, poti iko sikanandilakwire."

Anakaika pa shelefu, pakati pa maulusi. Kanyali kanaphethira, kanaphethiranso, n'kukhala kachikasu. Sikanafiire, koma sikanabiriwirenso. Awiriwo anakayang'ana, kenako anayang'ana chitseko, chimene mlamu anali atachikankha mwachizolowezi. Lata lija linkatchinga wayifayi.

Mlamu anapumira m'mwamba. "Ndiye kakufunanso chitseko changa?"

Anachitsegula, n'kuchitchinga ndi simbi yozizira ija kuti chisabwerere. Kanyali kanabiriwira. Aphunzitsi atasuzumira kuchipinda kwake, kakumapeto nako kanali katabiriwira.

Tsiku limenelo anaphunzitsa atakhala pansi, m'chipinda chonunkha simenti, mvula ikumenya denga. Nkhope ya mtsikana sinaume. Anafunsa funso lija linadukira panjira, analandira yankho lonse. Pamapeto mayi ake anasuzumira n'kunena mawu amodzi okha: "Tipitirize."

Mtsikanayo anakhoza mayeso. Mayi ake, amene anali ndi pakamwa pokalipa, analinso ndi pakamwa pofalitsa. Ophunzira anayamba kubwera, ena akale, ena atsopano. Lero Aphunzitsi amakana ena chifukwa cha kuchepa kwa nthawi. Chipinda chija anachipenta, anagula tebulo ndi bolodi, ndipo pamsewu dzina loti Aphunzitsi salitchulanso monyodola. Mlamu naye amatumiza zithunzi za madiresi pafoni, makasitomala akumupeza amene sanaonepo nyumbayo.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Mwamuna uja sanabwere kudzapepesa. Maloko akadali pazitseko zina zonse, ndipo nyumba imene ndinkaidziwa ine sidzabweranso. Mawu oti "ndakukhululukirani" mpaka lero sanamveke. Mlamu amayankha moni tsopano, koma mwachidule, ngati akudula ulusi.

Ndipo nthawi zina kanyali ka kuchipinda chakumapeto kamafiira mwadzidzidzi. Aphunzitsi amatuluka, n'kupeza mlamu atazula kabokosi, akusita.

"Alamu, ndili pakati pa phunziro!"

"Inenso ndili pakati pa kolala. Dikirani."

Aphunzitsi anagula kale chowonjezera mabowo a soketi. Mlamu anachilandira, anachiika m'dirowa, ndipo sachigwiritsa ntchito. Ine ndimaganiza kuti amafuna kuti Aphunzitsi azibwerabe pachitseko. Kolala ikatha, amabwezeretsa kabokosi yekha, ndipo chitseko sanachitsekenso.

Inu amene muli kuchipinda chomalizira, mwina mwagulitsa kale chimene munali nacho, mwagula zonse zofunika, koma kanyali kakadali kofiira. Musafulumire kunena kuti munabadwa ndi tsoka. Yang'anani pakati pa inu ndi chimene mukufunacho, muone ngati palibe chitseko chimene mumachidutsa mutayang'ana kumbali. Kagogodeni. Akakutsekerani, mawa mukapereke moni, ndipo mkuja mukaperekenso. Musataye mtima pa kugogoda koyamba.