Amaso ndi Kabowa ka pa Chitsa

Thyo! Thyo! Ndinamva kukhitchini usiku wina, mwana ali kubere. Nditasuzumira ndinapeza apongozi akuthyola matsinde a bowa, nyale ili pafupi kuwaotcha mphuno.

"Kagoneni, make mwana. Bowa sagona, ine ndigonerenji?"

Apongozi analera ana awo ndi bowa, amuna awo atamwalira. Pamsika ankawatcha Amaso. Timabowa tofiirira tomera pa zitsa zowola m'nkhalango anzawo ankatiopa, poti tilipo tiwiri tofanana ngati mapasa, kena ndiwo, kena maliro. Iwo ankangoyang'ana tsinde n'kudziwa. Wogula akakayika ankamuseka: "Kadye, iwe! Ukafa ubwere udzandiuze."

Koma ine ndinkaona zina. Singano ankandipatsa ine kuti ndilowetse ulusi. Tiyi ankathira pambali pa kapu, n'kunamizira kapuyo. Ndinkangoti laponda lamphawi. Mtengwa angayambe bwanji kunena za maso a apongozi?

Tsiku lina masana mwana anakwawira dengu la bowa amene apongozi anabwerera naye kumsika. Ndinamupeza akutafuna, chidutswa chili m'kadzanja. Ndinachilanda, n'kuthamangira nacho kwa apongozi.

"Amayi, taonani! N'kabwino aka?"

Anakatembenuza, anakanunkhiza, anapita nako pakhomo powala. Kenaka anandibwezera.

"Yang'ana m'munsi mwa kamphete ka patsinde. Pali timamba, kapena mposalala?"

"Mukufunsa ine, amayi?"

"Ndiuze msanga, mwana wanga. Ine ndikuona nkhungu yokha."

"Mposalala. Motuwira."

"Bereka mwana. Thamanga!"

Kuchipatala anamwino anati tafika msanga, koma poizoni wa bowa amabisala, tidikire. Kamkono kamene ndinkakasambitsa m'mawa kanali ndi paipi ya diripi. Apongozi anandipeza pabenchi, nsapato atavala mosemphanitsa. Sindinawayang'ane kumaso.

"Masowo anayamba liti?" ndinafunsa.

"Dzinja lathali. Ndinkati mphuno ndi zala zindithandiza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndikasiya bowa ndine yani, make mwana?"

Mtima wanga unali pa kachifuwa kamene kankakwera n'kutsika.

Apongozi anaimirira, akupapasa khoma.

"Dengu lomwelo ndagulitsako m'mawa. Kwa atelala, kwa mayi wa saluni, kwa aphunzitsi aja okonda kuyanika. Ndipita khomo ndi khomo asanateleke mphika, ndikawauze ataye. Ndikawauzenso ndekha, asamvere kwa ena, kuti Amaso maso adatha. Ndikabwerako, dengu lija uliotche."