Benchi Yomaliza ya Amayi Rosaria

Amayi Rosaria Sakala anabadwira ku Katete mu 1953, m'banja la anthu oimba. Mkulu wawo Clotilda akayambitsa nyimbo m'tchalitchi, ngakhale achifuwa ankasiya kutsokomola. Rosaria okha ndiwo anabadwa ndi mawu osagwira nyimbo. Ankayeserera kumunda ndi kuchitsime, koma mawuwo ankalira ngati chitseko cha malata.

Atakwatiwa ndi a Ezron, anasamukira kuno ku Kanakantapa kudzalima chimanga. Clotilda anabweranso ndi banja lake, ndipo posakhalitsa anayamba kutsogolera kwaya yathu. Rosaria anadzisokera yunifolomu ya kwaya, napita kokonzekera nyimbo Loweruka lina. Vesi yoyamba isanathe, Clotilda anakweza dzanja.

"Rosa, iwe uziyendetsa chabe milomo. Mawu utisiyire ise."

Akwaya anaseka. Rosaria nawonso anaseka, koma yunifolomu anakaipindira m'sutikesi. M'mawa mwake anakhala pabenchi yomaliza, pafupi ndi khomo, pamene pamalowera mphepo ya mu Juni.

Mwana sanakhale naye, ndipo a Ezron anamwalira mu 1998. Kunyumba anali okha, kutchalitchi okha. Kwa zaka zambiri ankayang'ana mkulu wawo akugwedeza manja kutsogolo, n'kumafunsa mumtima kuti iwo Mulungu anawalengeranji.

Koma wokhala kumbuyo amaona nkhongo za mpingo wonse, ndipo Rosaria anaziloweza osadziwa: duku la a Dyness lopendekera kumanzere, dazi la a Kabwe, khosi lalitali la a Terrence. Lamlungu lina anaona mpata pamzere wachitatu. Lolemba anayenda ulendo wa maola awiri, nakapeza a Kabwe, mkulu wokhala yekha, atagona masiku anayi ndi malungo, ndowa ili gwa.

"Ba Rosaria, mwaziba bwanji?" anafunsa a Kabwe. "Na bana banga ku Lusaka sibaziba."

"Dazi lanu silinawale dzulo. M'tchalitchi munali mdima."

A Kabwe anaseka mpaka kutsokomola.

Kuyambira pamenepo Lolemba linakhala tsiku lawo. Aliyense amene nkhongo yake sinaoneke pa Misa ankamuyendera. Ankatunga madzi, kusesa, kuphika phala, kunena korona chapansipansi, kenako n'kukauza akatekisi za amene akufuna Ukaristia kunyumba. Munthu akawathokoza ankangoti, "Ine Mulungu sananipatse mawu. Ananipatsa maso."

Atakalamba, Clotilda anadwala pakhosi, mawu ake n'kutheratu. Kwaya inasankha mtsogoleri wina, ndipo iye anasiya kubwera chifukwa cha manyazi. Lolemba Rosaria anafika pakhomo pake.

"Wabwera kudzaniseka?" ananong'ona Clotilda.

"Nabwera kudzakutengani, ba sisi. Kumbuyo kuli malo. Muziyendetsa chabe milomo."

Anayang'anana, naseka, kenako onse awiri analira. Anakhalira limodzi pabenchi ija zaka ziwiri, mpaka Clotilda anamwalira. Rosaria anatsalanso okha pafupi ndi khomo, ndipo ambiri a ife tinkawadutsa polowa osawapatsa moni.

Lamlungu lachiwiri la Juni chaka chino, pa nthawi yopatsana mtendere, a Terrence anatembenuka kuti agwire Rosaria chanza. Benchi inalibe munthu. Mutu wina unatembenuka, winanso, mpaka kwaya inasokoneza nyimbo. Palibe amene anadikira Lolemba. Misa itangotha, mpingo unalowa mumsewu wafumbi kupita kwa Rosaria, wansembe ali pakati.

Anawapeza atagona pamphasa, korona ili m'manja, mpweya uli wochepa. Rosaria anayang'ana nkhope zodzaza pakhomo, koma zinkaoneka kuti zikuwasokoneza.

"Tembenukani," anatero, "nikuoneni bwino."

Anthu anatembenuka, nawalozetsa nkhongo. Milomo ya Rosaria inkayenda pang'onopang'ono.

"Ba Dyness palibe. Mawa wina apiteko."

Wansembe anawadzoza mafuta, ndipo dzuwa lisanalowe Rosaria anamwalira mwamtendere. M'mawa mwake amayi atatu anachoka pamaliro kupita kwa a Dyness. Anawapeza atatupa mwendo, akulephera kufika pachitsime.

Rosaria tinawaika m'manda atavala yunifolomu ija, imene inapezeka m'sutikesi ikadali yatsopano. Masiku ano benchi yomaliza sikhala yopanda munthu. Timasinthana Lamlungu lililonse, ndipo amene wakhalapo satsegula buku la nyimbo.