Abwezereni apongozi anga gemu yawo

A komiti ya ligi ya pulu, mwandinyansa. Ndikulemba pano poyera chifukwa kuofesi kwanu ndapitako mpaka nsapato zanga zaloweza njira, ndipo chimene ndabwerako nacho ndi fumbi basi. Mwafafaniza gemu imene apongozi anga, a Namakhwa, anandiwina ndi manja awo anthu akuona. Mwalengeza pagulu kuti ndinawasiyira dala. Bodza limenelo lawadwalitsa mtima mkulu uja, ndiye lero mundimva.

Ndifotokoze kaye kuti amene sanaliko asasochere. Ine ndimawotcherera zitsulo pa Chitakale, ndipo ndimasewerera timu ya anzanga a pamenepo, Ziphaliwali. Apongozi anga anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unapindika. Atapuma ntchito anayamba kucheza pa tebulo la pulu ku Nkando ndi madala anzawo, mpaka anapanga timu yawo, Nkhalakale. Pulu aiphunzirira ku ukalamba. Ine ndili pachikamwini kwawo, khomo langa ndi lawo n'zoyang'anana.

Ligi yathu ili ndi magiredi, A, B ndi C. Wa A akakumana ndi wa C, mipira itatu ya wa C uja imachotsedwa pa tebulo gemu isanayambe. Iye amatsala ndi inayi, iwe uli ndi yako yonse isanu ndi iwiri. Amene wawina magemu awiri mwa atatu ndiye watenga. Ndipo wa C akagwetsa wa A, timu yake imalandira mapointi atatu m'malo mwa imodzi. Lamulo limeneli si langa ayi. Munalipanga ndinu, ndipo munkanena monyada kuti cholinga chake n'chakuti wofooka naye tsiku lina adzaseke. Ine ndine wa A. Apongozi anga ndi a C.

Loweruka lija timu yathu inapita ku Nkando kukakumana ndi Nkhalakale. Mlembi wa ligi, a Likoswe, anachita maere monga mwa nthawi zonse, zitsekerero za mabotolo m'chipewa. Changa chinatuluka limodzi ndi cha apongozi anga. Anthu anafa nako kuseka. Ine sindinaseke. Ndinapita kwa a Likoswe n'kuwanong'oneza kuti chonde andisinthe, andipatse aliyense, ngakhale wondiposa, chifukwa awa ndi bambo a mkazi wanga. Anandiyankha mokweza kuti chipinda chonse chimve:

"Pa tebulo palibe chipongozi, achimwene. Maere agwa, agwa. Mukakana, timu yanu yaluza."

Mawu amenewo muwasunge. Tikumana nawo kutsogoloku.

Ndinasewera. Ndipo ndinasewera kuti ndiwine, chifukwa anzanga a Ziphaliwali anali kumbuyo kwanga ndipo mapointi tinkawafuna. Gemu yoyamba ndinatenga ine, mkulu uja asanatenthe n'komwe. Yachiwiri anatenga iwo. Munthu wotsala ndi mipira inayi akangolowetsa iwiri motsatana, iwe thukuta layamba kale. Yachitatu tinafika tonse pa mpira wakuda. Unakhala poipa, ndinayenera kuugunditsa ku khoma la tebulo kuti ubwerere ku bowo lapakati. Tsono tebulo la ku Nkando ndani salidziwa? Khoma lake la mbali ya kukhomo linafa kalekale, mpira ukagunda pamenepo umangoti phwii ngati wagunda thumba la gaga. Wakudawo unakaima pakamwa pa bowo. Apongozi anga anapaka choko ku ndodo n'kuulowetsa.

Abale, mukanawaona. Munthu wa msana wopindika uja anavina tchopa kuzungulira tebulo, akulankhula Chilomwe chimene ngakhale mkazi wanga sachimva. Madala anzawo anawanyamula. Ine kuluza kunandiwawa, sindinama, koma ndinaomba m'manja. Madzulo ake kunyumba tambala anafa. Mkulu uja anafotokozera zidzukulu gemu yonse, akujambula tebulo pansi ndi chala. Chikhalire pakhomo paja sindinawaonepo atasangalala choncho.

Lolemba m'mawa pa gulu la ligi la pa foni panagwa uthenga wa a Likoswe. Akuti komiti yapeza kuti gemu ya a Namakhwa inali yopangana, mkamwini anawasiyira apongozi ake. Akuti mapointi atatu a Nkhalakale achotsedwa, ndipo ine ndaimitsidwa masabata awiri. Yapeza liti komitiyo? Inakumana kuti? Inafunsa ndani? Ine sanandiitane. Apongozi anga sanawaitane. Iwo foni yawo ndi ya mabatani, uthengawo anachita kuwawerengera mnzawo pa msika wa Nkando, pakati pa anthu ogula tomato.

Lachiwiri ndinatseka shedi yanga, geti la kasitomala lili theka, n'kupita kuofesi ya ligi. Ofesi ndikunenayi ndi kachipinda kuseri kwa golosale, mpando umodzi ndi kalendala ya chaka chatha. Pachitseko analemba kuti amatsegula 8 koloko. A Likoswe anatulukira cha m'ma 11, akudya nanazi, madzi akuyenderera m'chigongono. Sanandipatse moni. Ndinawafunsa umboni wawo. Anati wa giredi A saphonya mpira ngati umene uja. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe anaphonya wotero pa tebulo lomwelo mwezi wathawu, n'kutukwana khoma lija mpaka mwini bala anawaletsa. Anati zimenezo n'zina. Ndinafunsa umboni wina. Anati anthu anandiona ndikuomba m'manja, komanso ndinawanyamulira apongozi anga jekete potuluka.

Ndiye mumafuna nditani? Ndiwatukwane? Ndiwaponyere choko kumaso kuti mukhulupirire kuti ndaluzadi? Jekete ndimawanyamulira ngakhale pochokera ku tchalitchi. Kapena nako kumakhala kupangana?

Pamapeto pake a Likoswe anati nkhaniyi ili m'manja mwa tcheya, a Gomani, ndipite ku Nkando. Ndinakwera minibasi. A Gomani ndinawapeza pa sikelo yawo akugula nandolo. Anandilozera thumba kuti ndikhalepo, adzandimva akamaliza. Ndinakhala pamenepo dzuwa likundiwotcha pamutu, alimi akubwera, alimi akupita, mpaka mithunzi inatembenuka. Atamaliza anandiuza kuti iwo Loweruka lija kunalibe, anali ku ukwati. Anangovomereza zimene mlembi anawauza pa foni. Ndinafunsa ngati tcheya amavomereza chilichonse chimene wauzidwa. Anati ndisawakweze mawu pamaso pa makasitomala awo, ndipo ngati ndili ndi mboni ndibwere nayo.

Mboni ilipo. Woyimbira gemu ija anali a Fanuel, amene amasoka nsapato pafupi ndi siteji. Anaima pambali pa tebulo kuyambira mpira woyamba mpaka wotsiriza. Ndinawapeza tsiku lotsatira, n'kuwalipirira ulendo, n'kupita nawo kwa a Gomani. M'njira monse ankandilimbitsa mtima kuti gemu ija inali yoyera, analibe nayo chikaiko. Titafika pamaso pa tcheya munthu anasanduka. Anati zimene anaona ndi maso zinali bwinobwino, koma maso saona mumtima. A Gomani anangotambasula manja, amvekere mwamva nokha. Anandibwezanso kwa mlembi.

Mukundiponya uku ndi uku ngati mpira woyera, mukuganiza kuti ine ndilibe ntchito? Kasitomala wa geti uja anabwera kawiri n'kupeza chitseko chotseka. Koma zimenezo ndi zanga, sindikudandaula nazo pano.

Ndinabwerera kwa a Likoswe. Ulendo uno anandiuza kuti nthawi yochita apilo inatha dzulo lake. Inatha ndili pa thumba la nandolo kudikira tcheya amene iwo omwe ananditumizako! Ndinaluma mano kuti ndisalankhule zoipa. Ndinawauza kuti za kuimitsidwa kwanga azisiye, masabata awiri si imfa. Mapointinso akhale nawo ngati akuwafuna. Ndikungopempha chinthu chimodzi: alembe pa gulu lomwe lija kuti a Namakhwa anawina mwachilungamo. Anandiyang'ana ngati ndine mwana, n'kuseka pang'ono.

"Achimwene, tisanamizane. Tonse ndife a konkuno. Ndi mkamwini uti angagwetse apongozi ake pagulu, madzulo n'kukagona pamalo pawo? Inu munachita bwino ngati munthu. Koma ligi ili ndi malamulo."

Mwaona? Munthu yemwe uja anati pa tebulo palibe chipongozi. Ndikupempha kuti andisinthe, chipongozi kunalibe. Mkulu atawina, chipongozi chatulukira, mpaka chakhala umboni. Ngati mumadziwa kuti mkamwini sangasewere ndi apongozi ake, munatiikiranji pa tebulo limodzi? Mumafuna chiyani, kuti mupeze choseka Loweruka n'kupezanso wolanga Lolemba?

Ndipo tanenani, mipira itatu ija mumachotseranji? Si kuti wa C akhale ndi mwayi wowina? Ndiye akawina mukudabwa chiyani? Mwapanga lamulo lothandiza wofooka, wofooka wathandizika, inu mwakwiya. Kapena linali la aliyense kupatula madala othyola tiyi?

Kenaka a Likoswe anandipatsa chimene iwo anachitcha chifundo. Akuti komiti ikhoza kulola kuti tibwereze gemuyo pa tebulo la ku Chitakale, iwo akuonerera. Taganizani nzeru zake. Ndikawina, muti mwaona, tinanena kuti poyamba paja anawasiyira, ndipo mkulu uja ndamuvula kachiwiri anthu akuona. Ndikaluza, muti wawasiyiranso. Mbali iti imene apongozi anga angatulukire ali ndi ulemu wawo? Ndinawafunsa funso limeneli. Anati aganizira, n'kuyamba kuyankha foni imene sinalire n'komwe.

Tsono mverani chimene mwachita, chifukwa inu mukuona ngati ndi nkhani ya mapointi. Apongozi anga chiyambire Lolemba lija sanapondenso ku Nkando. Madala anzawo anabwera kudzawatenga, iwo anatuma mwana wawo, mkazi wanga, kuti akanene kuti mwendo ukuwawa. Mwendo wake ndi womwewo umene ankavinira tchopa. Pa msika anthu ayamba kuwatcha ngwazi ya mkamwini. Wina wogulitsa usipa anawafunsa apongozi anga aakazi ngati kunyumba kwawo mkamwini amawasiyiranso bawo. Mayi aja anabwerera osagula kanthu.

Dzulo masana ndikuchokera ku shedi ndinadutsa m'dimba lawo. Ndodo yawo ya pulu, imene anaisungira ndalama ya penshoni kuti asamabwereke za pa bala, ndinaipeza yozikidwa m'nthaka, atamangirirapo tomato. Iwo anali pakhonde. Mwa chikhalidwe chathu ine ndi iwo sitichulutsa mawu, nkhani zambiri zimadzera kwa mkazi wanga. Koma dzulo anandiitana okha. Ndinakhala pansi chapatali, chipewa m'manja.

"Bambo a Thoko, pano palibe anthu. Ndiuzeni zoona. Mpira wakuda uja munauphonya dala?"

Ndinawauza kuti ayi. Ndinalumbira. Ndinawafotokozera za khoma lakufa lija, mmene ndinayezera, mmene mtima unandipwetekera mpira utaima. Ndinawauza kuti anandiwina ngati mwamuna mnzanga, ndipo aliyense wonena zina ndi wabodza. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anati:

"Zikomo. Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu waulemu."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mwamva, a Likoswe? Mwamva, a Gomani? Mawu anga kwa iwo alibenso ntchito. Ndikakana, ndi ulemu. Ndikalumbira, ndi ulemu waukulu. Mwandisandutsa munthu amene sangathe kuuza apongozi ake zoona, ndipo mwalanda nkhalamba tsiku limodzi lokha limene inaima pagulu n'kuomberedwa m'manja.

Anzanga a matimu ena, amene muli ndi apongozi, alamu kapena amalume mu ligi imeneyi, maere akakugwerani ingonyamukani muzipita. Bola kuluza osasewera kusiyana ndi zimene ndikuona ine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Inu a komiti, uthenga wa pa foni sindikuufunanso, foni yawo ndi ya mabatani. Kwathu mukukudziwa. Bwerani ndi miyendo yanu, nonse awiri pamodzi ndi a Fanuel, mudzakhale pansi pakhonde paja, mudzawauze a Namakhwa ndi pakamwa panu kuti gemu ija anawina. Mwina inu akukhulupirirani, poti simunakwatire mwana wawo.