Timbuzi Tiwiri Titatu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha khalidwe lomwe mayi anga ankandikalipira nalo, lokayikira anthu. Ndinakulira pa Zalewa, pomwe mwana aliyense amadziwa kuti manachesi aakulu amakhala pamwamba pa mulu, ndipo thumba la makala likalemera kwambiri uyambe waona pansi pake. Nditamaliza sekondale ndinkangokhala pa shopu ya amalume, kutchajira anthu mafoni. Tsiku lina kasitomala wathu, namwino wa ku Ligowe, anandiuza kuti anthu a pulogalamu ina ya pa kanema akufuna munthu wa konkuno woti aziyendera opikisana.

Pulogalamuyo inali mpikisano wa amabizinesi ang'onoang'ono. Munthu ankaima pamaso pa oweruza atatu n'kufotokoza bizinesi yake, ndipo sabata iliyonse ena ankachotsedwa mpaka atatsala mmodzi woti amuthandize kuikulitsa. Bwana wake, a Kumwenda, anangondifunsa funso limodzi: "Munthu akakuuza kuti ali ndi nkhuku zambirimbiri, iwe utani?" Ndinati ndikaona kaye zitosi. Anaseka, n'kundilemba ntchito.

Anandipatsa foni ya ofesi, mafomu ndi bolopeni. Ndinkayenera kufika osachenjeza, kujambula mwini wake ataima pa bizinesi yake, kuwerenga katundu kapena ziweto ndi maso anga, kufunsa anansi awiri, kenako kutumiza lipoti 2 koloko isanakwane, chifukwa oweruza ankakhala pansi masana omwewo.

Opikisana a m'boma lathu la Neno analipo awiri, onse oweta mbuzi, ndipo ndinayamba kuwaonera pa kanema ku shopu kuja. A Lingstone a ku Luwani anavala jekete, n'kumayankha funso lisanathe n'komwe. Anthu anawomba m'manja. Mayi Nasibeko a kufupi ndi Ligowe anangowerama, manja atagwira chitenje. Pa fomu analemba kuti ali ndi mbuzi makumi awiri ndi zisanu, koma woweruza atawafunsa anayankha motsitsa mawu kuti, "Timbuzi tiwiri titatu basi, bwana." Shopu yonse inaphulika ndi kuseka. Ine sindinaseke. Mumtima ndinati mayi awa ndawagwira kale.

Kwa a Lingstone sindinachedweko. Khola linali lodzaza, ndinawerenga mbuzi makumi atatu, ndinajambula, anansi awiri anavomera ndisanamalize kufunsa. Lipoti ndinalilemba ndikumwa chakumwa chozizira chomwe anandigulira.

Kwa mayi Nasibeko ndinapita Lachinayi la sabata yotsatira, tsiku lomwe oweruza ankasankha ngati apitirire kapena atuluke. Kunali kutagwa mvula, ndipo wa kabaza anandifikitsa cha m'ma 12 koloko, matope mpaka m'mawondo, n'kunena kuti adzanditenga madzulo. Mayiwo anandiyalira mphasa, koma ine ndinalunjika ku khola. Munali mbuzi zinayi. Ndinasuzumira pansi pake, zitosi zinali zochepa, zokwanira mbuzi zinayi zomwezo.

"Zinazo zili kuti, mayi?" ndinafunsa.

"Zili kwa anthu, bambo."

"Ndiye ndi zanu kapena za anthuwo?"

"Ndi zathu, koma zili kwa anthu."

Yankho limenelo linandikwiyitsa, chifukwa n'lofanana ndi la wogulitsa mumsewu ukamufunsa katundu amene alibe. Ndinafunsa bambo wina woyandikana nawo, iye anangoti, "Aaa, mbuzi za eni ake ife sitiwerenga." Mnansi wachiwiri sindinavutike naye n'komwe. Ndinakwera pa chulu chomwe anandiuza kuti ndi pomwe foni imagwira, n'kulemba kuti: Mbuzi zinayi, zina akuti zili kwa anthu, ndikukayika. Ndinatumiza ndikudzimva kuti ndine katswiri.

Poti kabaza anali asanabwere, ndinabwerera pa mphasa paja. Mayi Nasibeko anamaliza zomwe ankachita, n'kunena kuti, "Ngati mwapuma, tiyeni ndikakuonetseni." Tinafika pa nyumba yoyamba, ya mayi wina wamasiye. Mayi Nasibeko anagwira mbuzi yaikazi n'kundionetsa khutu lakumanzere, lodulidwa kawiri kunsonga. Ana awiri a mbuziyo, mmodzi anali ndi chizindikiro chomwecho, wina analibe.

Kunali kuikiza. Ine mwana wa pamsewu, mbuzi ndinkaidziwa ikakhala pa chiwaya basi. Mayiwo anandifotokozera tikuyenda kuti amapereka mbuzi yaikazi ku banja lomwe lilibe, banjalo limaidyetsa n'kumapeza manyowa, ndipo ana akabadwa amagawana. Matenda kapena akuba akalowa khola limodzi, makola enawo amatsala. Pofika pa nyumba yachisanu ndi chiwiri ndinali nditawerenga makutu odulidwa kawiri makumi awiri ndi asanu ndi awiri, kuposanso zomwe analemba pa fomu paja.

"Nanga pa kanema paja simunanene bwanji?" ndinafunsa.

"Kanema amaonera ndi akuba omwe, bambo," anatero. "Komanso ndikanawavula anzangawa. Dziko lonse limve kuti mbuzi zili pakhomo pawo si zawo? Ayi."

Ndinathamangira pa chulu paja ngati wamisala n'kuimba foni ku ofesi. A Kumwenda anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Oweruza atseka kale, mphwanga. Ife tinakhulupirira maso ako." Ndinachonderera, koma anati gawolo lajambulidwa ndipo mayiwo atuluka.

Ndili pa chulu pomwepo ndinatsegula zithunzi za kwa a Lingstone n'kuzikulitsa ndi zala. Mbuzi ina khutu lodulidwa kumanja, ina loboola, ina long'ambidwa pakati, ina yopanda chizindikiro. Khola limodzi, eni ake mudzi wonse: mbuzi zobwereka zokhazokha. Ndinawauza a Kumwenda, koma anati makutu pa chithunzi si umboni, ndipo lipoti langa loyamba ndinalisayina ndekha. A Lingstone anafika mpaka kumapeto kwa mpikisano. Chaka chisanathe ndinadutsa ku Luwani, m'khola muja ankasungiramo nkhuni.

Lachinayi lija ndinatsika pa chulu n'kuwauza mayi Nasibeko zomwe ndinachita. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Anangoti, "Basi, mwaona nokha," n'kundiperekeza mpaka pa msewu.

Mpaka lero ndimagwirabe ntchito yoyendera mabizinesi a anthu, ndipo kukayikira sindinasiye. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti tsiku lija ndinakayikira munthu wowerama n'kukhulupirira wa jekete, ndipo ndinasiya mnansi wachiwiri chifukwa ndinali nditaweruza kale ndili ku shopu. Tsopano sinditumiza lipoti ndisanagwire khutu la mbuzi ndi dzanja langa.

Chaka chatha ndinakumana nawo mayi Nasibeko pa msika wa Zalewa, akukweza atonde asanu ndi mmodzi pa galimoto ya wogula wa ku Blantyre. Onse khutu lakumanzere lodulidwa kawiri. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, n'kuwafunsa kuti zilipo zingati masiku ano.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama ngati pa kanema paja.

"Timbuzi tiwiri titatu basi, bambo."