Nthungululu Yanga Inadukira Pakati

Chizindikiro choyamba chinali nthungululu. Linali Loweruka, Pasaka itangodutsa, tsiku lomwe timu ya koleji ya zaumisiri ya kufupi ndi mudzi wathu inayamba masewero a ligi ya m'boma. Titamwetsa chigoli choyamba ndinaimirira monga mwa nthawi zonse, mwana ali kumsana, n'kukoka mpweya kuti ndilulute. Nthungululuyo inayamba bwino, kenaka inadukira pakati, ndipo chomwe chinatsatira n'chifuwa. Anzanga anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinati ndi fumbi la pagolo.

Ine ndine mayi wa mwana mmodzi, Tamanda, yemwe nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndimagulitsa manachesi ndi mtedza wokazinga pageti la kolejiyo, ndiye ophunzirawo ndi makasitomala anga, moti akamasewera ndimangoona ngati akusewera alongo anga. Malo anga ali kuseri kwa golo la kumtunda, pansi pa mtengo wa mthethe, ndipo nyimbo za masapota ndimayambitsa ndine. A Chikopa, bambo wachikulire yemwe amatiimbira ng'oma, anali atafalitsa kale mbiri yoti ine ndikakhala pansi pa mtengowo timu sigonja pakhomo. Poyamba zinali nthabwala. Kenaka anthu anazikhulupirira, mpaka mwini wakene ndinazikhulupirira.

Ndinene kaye za timuyo, chifukwa matenda anga ndinkawawerengera pa masewero ake. Vuto la timu ya koleji n'lakuti chaka chilichonse omwe ayamba kusewera bwino amamaliza maphunziro n'kumapita. Chaka chimenecho theka la timu linali nkhope zachilendo. Kumbuyo kunali bwino. Kunali anyamata a kalasi ya zomangamanga, mtsogoleri wawo ali wina wamfupi wojintcha yemwe tinkamutcha Njerwa, ndipo ukamudutsa ndiye kuti mpira wausiya. Apakati anali olimbikira, kungoti ankaukakamira mpira ngati abwera nawo kuchokera kwawo. Goloboyi ankagwira ya pansi yonse, koma ya m'mwamba, makamaka ya kona, ankangoiyang'ana ngati ndege ikudutsa. Kutsogolo ndiye kunali Sipanala, wa kalasi ya zamagalimoto. Liwiro lake ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse, koma akangoona golo mwendo unkasokonekera. Mipira yomwe Sipanala anaponya m'munda wa nandolo wa kuseri kwa bwalo ikanakhala yomera, bwenzi titakolola.

Masewero oyambawo tinachinya anyamata a paboda 2-1. Achiwiri tinapita ku Thambani pa matola, titapanikizana ndi ng'oma yomwe, ndipo pofika nthawi yopumulira tinkatsogola ndi zigoli ziwiri. Anyamata athu anayamba kuseweretsa mpira ngati zatha. Eni bwalo anabweza zonse ziwiri ndi mutu, zonse zochokera pa kona. Pobwerera ndinatsokomola njira yonse, ndipo ndinati ndi mphepo ya pagalimoto. Achitatu tinapambana 1-0 ndi timu ya aphunzitsi, koma tsiku limenelo nyimbo ndinkangoyambitsa mzere woyamba, anzanga n'kumalandira.

Apa n'kuti thupi litayamba kundiuza zambiri. Madzulo aliwonse linkatentha, ndipo m'mawa ndinkadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta chonsecho kunja kukuzizira. Chakudya sichinkandikomera. Chitenje chomwe ndinkamanga bwinobwino chinayamba kuzungulira kwambiri m'chiuno. Dengu la manachesi lomwe ndinkasenza osapumira ndinayamba kulitula panjira. Ndinamwa madzi a mandimu ndi uchi, ndinafukiza masamba a bulugamu, ndinagula mankhwala a chifuwa pagolosale. Chinkachepa tsiku limodzi n'kubweranso. Bambo a Tamanda, omwe amapalasa kabaza, anandiuza kangapo kuti andinyamule tipite kuchipatala. Ine yankho linali limodzi: tikangosewera Loweruka likubwerali.

Amene anandigwira ndi alangizi a zaumoyo, tsiku la sikelo ya ana. Atamuyeza Tamanda anaona kuti sanakwere monga mwezi wapitawo, ndipo ali mkati molemba ine ndinatsokomola. Anasiya cholembera.

"Mayi, chifuwa chimenechi chinayamba liti?"

"Tsiku lomwe tinachinya a paboda lija."

"Ine ligi sindiitsata. Ndiuzeni masabata."

Titawerenga tinapeza kuti mwezi unali utadutsa kalekale. Anandiuza kuti chifuwa chikapitirira masabata awiri sitinenanso za fumbi, ndipo anandipatsa timabotolo toti ndiikemo makhololo akayezedwe. Ndinathokoza mwaulemu. Koma Loweruka limenelo tinkalandira timu ya amalonda a mumsika wa paboma, yomwe inali pamwamba pa ligi. Ndinaopa kuti akandipeza ndi matenda andigoneka, mtengo wa mthethe n'kukhala wopanda munthu. Timabotolo tija ndinatiika pansi pa dengu, pamwamba manachesi.

Masewero amenewo anali okoma kuposa onse. Njerwa anatseka kumbuyo, ndipo chakumapeto Sipanala, Sipanala yemweyo, anamwetsa chigoli. Bwalo lonse linaimirira. Ndinakoka mpweya kuti ndilulute koma mawu sanatuluke n'komwe. Ndinatsokomolera m'chitenje, ndipo nditayang'ana ndinaona magazi. Sanali ambiri, kamzere chabe. Chomwe chinandiopsa kwambiri n'chakuti nthawi yomweyo Tamanda anali atatsamira paphewa langa, kamphuno kake kali pafupi ndi tsaya langa, akupuma mpweya womwe ine ndinkatulutsa. Masabata onse aja mwanayo anali pomwepo. Ndinakhala pansi anthu akuvina. Wezulo yomaliza sindinaimve.

Lolemba m'mawa bambo a Tamanda anatinyamula pa njinga mpaka kuchipatala cha paboma. Tinapeza mzere utatalika kale, ndipo tinakhala pabenchi mpaka dzuwa litakwera. Ndinapereka makhololo, anandijambula pachifuwa, ananditenganso magazi monga amachitira ndi aliyense wobwera ndi chifuwa chotere. Zotsatira zitatuluka adokotala anandiuza mosazungulira kuti ndi chifuwa chachikulu, TB. Anati chimachizika, mankhwala ake ndi aulere, koma ndi a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Anatinso magazi anga achepa ndipo thupi lafooka, choncho ndiyambire mankhwalawo ndili m'wodi. Ine sindinafunse za ine. Ndinafunsa za mwana. Anati ayenera kumuyeza nayenso, ndipo tidziwa mawa lake.

Tsiku lodikira limenelo ndi lomwe linali lalitali pa matenda onsewa. Achemwali anga anabwera kudzandidikirira, ndipo ndi iwo anamutenga Tamanda kupita naye kojambula. Ndinkamumva akulira chapatali koma sindikanatha kudzuka kuti ndimutsatire. Mawa lake adokotala akuzungulira m'wodi anaima pabedi langa n'kunena kuti pachifuwa pa mwana m'poyera. Anati kusakwera sikelo kunali chifukwa choti mayi wake sankadya mokwanira. Amupatsa mankhwala omuteteza, ndipo ndipitirize kumuyamwitsa nditavala chotchinga pakamwa ndi pamphuno. Achemwali anaomba m'manja n'kululuta pang'onopang'ono kuopa anesi. Ine ndinangolira, koma kulira kwabwino.

Moyo wa m'wodi suchedwa kuzolowereka. M'mawa anesi ankabwera ndi mapilitsi tisanadye kanthu, ndipo ankaima pomwepo mpaka umeze. Kenaka phala, kenaka adokotala. Mawindo ankakhala otsegula ngakhale chiperoni chitavuta, ati mpweya uziyenda, ndiye tinkangofunda mabulangete mpaka m'khosi. Masana odikirira odwala ankabwera ndi timiphika tawo kuchokera kokhala kwawo, ndipo tinkagawana ndiwo. Sabata yoyamba mankhwala ankandichititsa nseru. Pofika yachiwiri thukuta lija linasiya, ndipo tsiku lina ndinadabwa ndikupempha kuti andiwonjezere nyemba.

Lamulungu loyamba ndili m'wodimo, a Chikopa anatulukira pawindo, chipewa chili m'manja, nkhope ngati abwera kudzanena maliro.

"Make Tamanda, atiphera pakhomo dzulo. Ziwiri, zonse za kona." Kenaka anatembenukira kwa anesi omwe ankakonza bedi loyandikana nalo. "Anesi, tangotibwerekani mayiwa Loweruka lokha. Saimba ayi. Angokhala pansi pa mtengo, tiwafunditsa bulangete, pomaliza tidzawabweza bwinobwino."

Anesi sanakweze mawu. "Bambo, ngati timu yanu ikuyendera mapapo a mayi awa, ndiye kuti yodwala ndi timuyo. Ibweretseni tiijambule. Ndipo inu amene mumakhala nawo pafupi mukuimba ng'oma, mawa mubwere mudzapereke makhololo."

Wodi yonse inaseka, mpaka agogo ena omwe sankalankhula ndi munthu. A Chikopa anabweradi mawa lake, pamodzi ndi bambo a Tamanda ndi amayi awiri omwe ndimaimba nawo. Onse anawapeza ali bwino. Komabe mumtima ndinkadziimba mlandu kuti timu yagonja chifukwa cha ine.

Loweruka lotsatira bambo a Tamanda anafika madzulo akumwetulira asanatsike n'komwe panjinga. Tinali titapambana 3-0, pakhomo, pansi pa mthethe palibe ine. Anandifotokozera kuti akochi sabata yonseyo ankamudzutsa goloboyi m'mamawa kumuponyera mipira ya kona mpaka anasiya kuiopa. Sipanala anamuchotsa kutsogolo n'kumuika kumbali kuti azingothamanga n'kuponya mpira mkati, ndipo kutsogolo anaikako mnyamata wina wofatsa wa kalasi ya zosokasoka, yemwe anamwetsa ziwiri. Ndinene zoona, mtima unandiwawa pang'ono. Eti apambana popanda ine, zitatu zathunthu! Kenaka ndinayamba kuseka, kuseka mpaka chifuwa chinandigwira, anesi n'kubwera kudzaona. Ndinamva ngati ndatula dengu lomwe ndinasenza mtunda wautali. Timu inkafunika kukonza kona zake, ine ndinkafunika kukonza chifuwa changa, ndipo palibe akanamuchitira mnzake.

Ananditulutsa patatha pafupifupi masabata awiri. Kunyumba bambo a Tamanda ndi amene ankaonetsetsa kuti ndamwa mankhwala asanatuluke ndi njinga. Anesi anali atandichenjeza kuti mkodzo udzasintha mtundu, ndisadzaope. Unasinthadi, n'kukhala ngati khungu la nachesi lakupsa, mtundu weniweni wa jezi ya timu yathu. Bambo a Tamanda anati usapota wanga wafika poipa. Njala inabwera yoopsa. Ndinkadya mbatata, mazira, chigumu, chilichonse chopezeka, ndipo Tamanda naye anayamba kulemera kumsana. Atandiyezanso makhololo patatha miyezi iwiri anapeza kuti ayera.

Mwezi wachitatu ndi pomwe pali msampha. Chifuwa chinali chitatheratu, dengu ndinkasenza osapumira, ndipo mapilitsi aja anayamba kunditopetsa. Tsiku lina ndinawayang'ana m'dzanja n'kuganiza kuti mwina basi zakwana. Ndiye ndinakumbukira za ku Thambani, m'mene tinkatsogolera ndi ziwiri popumulira, anyamata n'kuyamba kuvina mpira usanathe. Ndinameza. Kuyambira pamenepo sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo mwezi uliwonse ndinkapita kukatenga ena ndi kukwera sikelo. Ndinamaliza mvula itayamba kugwa. Adokotala atawona zotsatira zomaliza anati, "Mayi, mwachira. Pitani mukaimbe."

Kubwalo ndinali nditayamba kale kupita anesi atandilola, koma ndinkangokhala n'kumaomba m'manja. Timu inamaliza ligi ili pachitatu, zomwe kwa timu yoyamba ndi nkhope zachilendo si zochepa. Ikanatha kuposa apo apakati akanaphunzira msanga kupatsirana.

Chaka chino ligi yayambanso. Njerwa anamaliza maphunziro, akumanga nyumba za anthu ku Kanduku, ndipo kumbuyo kwathu pakali mpata woti ngolo n'kudutsa. Goloboyi ndi yemwe uja, tsopano kona amatuluka n'kuidumphira ngati yake. Sipanala akadali kumbali, ndipo munda wa nandolo wapumako. Masewero awiri oyamba tapambana amodzi, ena tafanana mphamvu. Ndikuona kuti akapeza wolowa m'malo mwa Njerwa tivutitsa anthu.

Ine ndili bwino. Thupi linabwerera, chitenje chikumangika pomwe chinkamangika, ndipo Tamanda akuthamanga yekha, moti ntchito yanga pabwalo ndi kumugwira kuti asalowe mkati. Kwa amayi anzanga ndi onse okonda mpira ndikuti, chifuwa chikadutsa masabata awiri musanamizire fumbi, mphepo kapena kukuwa. Mukaona thukuta la usiku, thupi likutsika, pitani mukayezetse, ndipo ana ndi onse a m'nyumba apite nawo. Musadikire Loweruka lina. Ine ndinadikira, ndipo amene akanalipira ndi mwana wosadziwa n'komwe kuti mpira n'chiyani.

Pa masewero oyamba a chaka chino, mnyamata wa zosokasoka uja atamwetsa chigoli, a Chikopa anasiya ng'oma n'kundiyang'ana. Ndinaimirira, ndinakoka mpweya, ndipo nthungululu inatuluka yonse mpaka kumapeto kwake. Tamanda anatseka makutu ndi timanja take.