Chibwabwa cha M'nyengo Yozizira

Beseni lija linali lobiriwira, loboola pansi, moti amayi analeka kuchapiramo n'kuliponya kuseri kwa nyumba yathu ku Linda, komboni ya mu Livingstone. Ndinalitola mu Juni wa chaka chimene chifuwa chawo chinakula. Ndinali mu giredi folo.

Amayi anali atasiya kudya. Amalume, amene ankasamalira dimba pa loji ina ya alendo ku Nakatindi, ankabweretsa buledi, nthochi, ngakhale nsomba, koma mbale inkatuluka m'chipinda momwe yalowera. Tsiku lina amayi anandiitana. Nditafika pakhomo la chipinda anakweza dzanja kuti ndiime pomwepo.

"Mwana wanga, mtima ufuna chibwabwa, monga cha kwathu ku Katete. Osati cha kumsika. Ukabyale wekha."

Ndinathamanga ngati ndauzidwa mankhwala. Ndinadzaza beseni ndi dothi losakaniza zitosi za nkhuku, n'kukwiriramo nthanga za maungu zimene amayi ankasunga m'chitini. Masamba a maunguwo ndiwo chibwabwa.

Amene amabwera kudzaona mathithi amati Livingstone ndi kotentha. Sanadzukepo m'mawa wa Juni. Madzi a pampopi ankaluma zala, milomo inkang'ambika, ndipo komboni yonse inkanunkha utsi wa mbaula. Nthanga zinachedwa kumera mpaka ndinazifukula kuti ndione ngati zili moyo. Zitamera, zinatulutsa timasamba tiwiri ngati makutu a mbewa, kenako n'kuima. Tsamba lenileni, laubweya lija, litabwera, silinakwane n'chikhatho changa chomwe. Lotsatira linandidikiritsa kupitirira sabata.

Ndinayamba kuthirira m'mawa, masana ndi madzulo. Amalume anandipeza ndi chigubu m'manja, nagwada pambali pa beseni.

"Madzi yakwana, uzaoletsa chabe mizu," anatero. "Ni mphepo iyi. Mbewu siwerenga masiku monga ife, imamvera kutentha. Kukazizira so, tsamba limodzi limatenga nthawi ya masamba atatu. Kukatentha uzaona, sudzakwanitsa na kuthyola."

"Nanga kutentha kubwera liti?"

Anangoyang'ana pawindo la amayi.

Popeza mbewu inkafuna kutentha, ndinaganiza zoifunira. Ndikaweruka kusukulu ndinkakoka beseni kulondola dzuwa, mpaka pakhoma la ba neba limene linkasunga kutentha madzulo. Dzuwa likamalowa ndinkafunditsa mbewu ndi thumba la makala. Zinathandiza pang'ono, sindinama; masamba anayamba kubwera mofulumirapo. Koma pang'ono pamenepo panali pochepa kwa munthu amene thupi linkatha tsiku ndi tsiku.

Nkhani za beseni ndinkazipereka kudzera pawindo. Amayi ankamvetsera, akupuma movutikira, kenako n'kunena kuti, "Wachita bwino. Pita ukaone, dzuwa lasuntha." Ndinkapita, ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Mu Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, amalume anabwera ndi takisi. Anawanyamula amayi m'manja ngati mwana, atawakulunga m'bulangete. Ndinafuna kuthyola timasamba timene tinalipo kuti apite nato, koma amayi anapukusa mutu. "Tisiye tikule," anatero. Ndiwo mawu awo otsiriza amene ndinamva. Mwezi usanathe anamwalira kuchipatala.

Kenako kunatentha. Seputembala anabwera ndi dzuwa loboola malata, ndipo zimene ananena amalume zinachitika. M'mawa uliwonse ndinkapeza tsamba latsopano. Mbewu inayanga n'kudutsa pabwalo, inakwera mpanda, inafika mpaka padenga la chimbudzi, masamba aakulu ngati mbale. Azimayi a kutchalitchi amene ankabwera kudzatizonda ankathyola n'kutendera, akuyamikira dzanja langa. Ine sindinalawe. Tsiku lina ndinatenga ndodo n'kumenya masambawo mpaka manja ananditupa, koma patangopita masiku ochepa anaphukanso, obiriwira kuposa kale.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiyira nyengo yozizira. Ndinkati dzuwa likanafulumira mwezi umodzi wokha, amayi akanadya n'kudzuka. Sindinkadziwa kuti chifuwa chimene chinawatenga n'chopatsirana, ndiponso kuti mayi amene anakulira ndi khasu m'manja sakanaiwala kuti maungu sabzalidwa mu Juni. Ankafuna mbewu yochedwa, yoti indisunge panja, padzuwa, kutali ndi mpweya wawo.